Kazembe wa Dziko la Kaya

Mu ufumu wa Mawatiwona, dziko limene simungalipeze pa mapu chifukwa mapuwo adakali ku komiti, munkalamulira Mfumu Ndamvakale Yachitatu. Inali mfumu yokonda alendo kuposa eni dziko. Mlendo akatsokomola inkamutumizira dokotala, koma mwini dziko akatsokomola inkamutumizira wapolisi kuti akamufunse chimene akutanthauza.

Mfumuyi inakulira kunja, ndipo chilankhulo cha kwawo inkachidziwa cha m'mapepala amene ena ankailembera kuti iwerenge pamisonkhano. Vuto linali lakuti sinkafunsa tanthauzo la mawu, poti kufunsa n'kuvomera kuti sunamvepo kale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma uyu ankadya phulalo n'kuyamikira ophika. Tsono pabwalo la nduna ikafunsa kuti feteleza wa alimi wapita kuti, nduna zinkakweza mapewa n'kuti, "Kaya, mfumu." Simenti ya mlatho? "Kaya, mfumu." Mankhwala a m'zipatala? "Kaya, mfumu." Mfumu inkagwedeza mutu mwanzeru, ndipo mumtima inkasirira dziko la Kayalo, limene katundu yense wabwino ankathamangirako.

Likulu la ufumuwu linali Chionetsero, ndipo chakumtunda kwake kunali Msewu wa Mbendera, kumene kunkakhala akazembe a mayiko akunja. Kunali nyumba ya kazembe wa dziko la Sainanipa, ya mpanda wautali woti khwangwala ankayamba wapuma asanauwoloke. Kunali ya dziko la Tikuthandizani, limene linkapereka zikwangwani zolembedwa kuti thandizo laperekedwa. Kunalinso ofesi ya dziko la Bweraninsomawa, kumene anthu ankayamba kufola pamzere wa viza ali mbeta n'kudzafika pawindo ali ndi zidzukulu.

Kuseri kwa mipanda imeneyi, kumunsi kumene kunkatsikira madzi osamba akazembe, kunali dera la Zatsala. Kumeneko n'kumene kunkakhala Anankhoma, mayi wamasiye wokazinga zitumbuwa, amene ankagulitsa kwa anthu a pamzere wa viza aja. Nyumba yawo inali ya zidina zimene anaumba okha ndi malemu amuna awo, ya malata khumi ndi awiri, ndipo pakhomo panali mtengo wa mapeyala umene pansi pake anakwirirapo michombo ya ana awo atatu. Sinali nyumba yoti munthu n'kuijambula, koma Anankhoma ankaikonda ngati diso lawo.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina pa phwando la kunyumba yachifumu, kazembe wa ku Sainanipa anayasamula. Mfumu itafunsa, iye anati tambala wina wa kuseri kwa mpanda wake amamudzutsa nthawi isanakwane. Mfumu inachita manyazi kwambiri moti nyama inaikanika kumeza. Kutacha, Olemekezeka Sindinalipo, Nduna ya Malo ndi Kukongoletsa Mzinda, anafika pamsika wa Zatsala, n'kukwera pa thebulo la wogulitsa tomato, n'kuwerenga lamulo.

"Mverani nonse! Nyumba iliyonse yopanda mbendera, yomwe ili pamtunda woti kulira kwa tambala n'kumveka ku Msewu wa Mbendera, igumulidwa Lachisanu lino. Izi zachitika pofuna kukutukulani."

Kenako a Dzoole, okhoma zidebe, amene nyumba yawo inayandikana ndi ya Anankhoma, anavula chipewa.

"Zikomo bwana chifukwa cha chitukukochi, tachilandira ndi manja awiri. Koma nanga ifeyo tipite kuti?"

Anduna anali ataponda kale phazi limodzi m'galimoto. Anakweza mapewa n'kuti, "Kaya!" Chitseko phwa, fumbi koboo.

Lachinayi m'mawa katapila yogumulira nyumba inali itaima kale kumapeto kwa kanjira, dzino lake lili m'mwamba. Anankhoma anali atamanga mitolo, misozi ili chuchuchu, osadziwa kumene mitoloyo ipite. Ngakhale chingwe choyanikira zovala anali atachimasula kale n'kumangira mphasa. Choncho atachapa chitenje chawo chakale, chofiira, cha zithunzi za nkhanga, chokhala ndi chiboo pamene linagwera khala la mbaula, anasowa poyanika. Anachimangirira ku nsungwi yothyolera mapeyala n'kuiyedzamiritsa kudenga. Mphepo inabwera, chitenje chija n'kuyamba kupepeluka.

Nthawi yomweyo anatulukira a Chidindo, mlembi wa zamwambo wa kunyumba yachifumu, atanyamula chitini cha penti wofiira wolembera nyumba zoti zigwe. Munthuyu anali ndi mantha, chifukwa dzulo lake anali atalemba molakwitsa khola la agalu a kazembe wa ku Tikuthandizani, ndipo anamukakamiza kukapepesa agaluwo mmodzimmodzi. Ataona nsalu ikupepeluka pamwamba pa nsungwi, anaima njii. Anaika chitini pansi, n'kumanga batani la jekete.

"Odi, mayi. Mbendera iyi ndi ya dziko liti?"

Anankhoma anamuyang'ana, n'kuyang'ana chitenje, n'kuona kuti dzuwa la chaka chino lawononga anthu ambiri. Analibe mphamvu zokangana ndi wamisala.

"Kaya," anatero, akupitiriza kumanga mtolo.

A Chidindo anatulutsa cholembera. "Kaya! Nanga akazembe akewo ndawapeza?"

"Pano ndimakhala ndekha, bambo. Mukandipeza ine mwapeza onse."

"Pepani, Wolemekezeka, sindinakuzindikireni. Mwavala ngati anthu." Anawerama mpaka tayi yake kuviika m'chitini cha penti. Kenako anayang'ananso m'mwamba mwaulemu n'kulemba m'buku lake kuti kufiirako ndi magazi a omenyera ufulu, nkhangazo ndi umodzi, ndipo chiboocho ndi zenera loonera tsogolo. Nyumba ya Anankhoma sanaipake penti. Anathamanga wa kunyumba yachifumu, chitini n'kuchiiwala pomwepo.

Uthenga utafika pabwalo, mfumu inadumpha pampando ngati yalumidwa ndi linthumbu.

"Kaya watsegula ofesi kuno? Zaka khumi ndi ziwiri tikuwatumizira katundu, lero akumbukira kudzathokoza! Abwere mawa m'mawa adzapereke zikalata zawo. Ndikufuna ndimve za feteleza wanga."

Nduna zonse zinaomba m'manja monga mwa lamulo, koma thukuta lili kamukamu. Feteleza amene ankanenedwayo aliyense ankadziwa munda umene anathiridwa, ndipo simenti ya mlatho inali itasanduka nyumba zosanja zimene nduna zinkagonamo.

Masana omwewo, Anankhoma ali pansi pa mpeyala kufotokozera a Dzoole za wamisala wa penti, anaona munthu wonenepa akubwera wapansi, atabisa nkhope m'chipewa cha mlaza. Mimba ndi imene inamuulula, poti mimba ilibe chipewa. Anali Olemekezeka Sindinalipo. Anakana mpando, n'kukhala pa mtondo.

"Mayi anga," anayamba motsitsa mawu, "ine ndi inu ndife anthu akuluakulu. Tonse tikudziwa kuti icho n'chitenje."

"Ndinachigula ndekha, bwana."

"Eya. Koma mawa mukakafika kwa mfumu, chisakakhale chitenje. Mukakanena kuti dziko la Kaya kulibe, mfumu ikafunsa kuti nanga katundu yense uja ali kuti. Ndiye mukudziwa, anthu ena osalakwa, a mabanja awo, a matenda a shuga, akhoza kuvutika."

"Ine bwana ndine wa Mvano. Bodza sindinama."

"Ndani wati muname? Ingokhalani kazembe basi. Nyumba ya kazembe ndi nthaka ya dziko lake, katapila siyingaponde. Koma nyumba ya mayi wa zitumbuwa..." Anduna analoza ndi mlomo kumene kunaima katapila, n'kunyamuka, mtondo utawadinda chizindikiro kumbuyo.

Apa Anankhoma anagwira njakata. Kunama pamaso pa mfumu ankaopa, ndipo kunama pamaso pa Mulungu ankaopa koposa. Koma akayang'ana zidina zija, ankaona zala za amuna awo zimene zinadindika pa chidina cha pafupi ndi chitseko, ndipo mtima unkawawa.

"Achemwali," anatero a Dzoole atakanda m'mutu, "inu mukudziwa kumene feteleza anapita?"

"Ndingadziwe bwanji ine?"

"Nanga simenti?"

"Kaya."

"Basitu. Mukakayankha choncho mwanama pati? Mawu amenewa nduna zadyera zaka khumi ndi ziwiri. Inu mukalawako tsiku limodzi ndiye tchimo?"

Anankhoma anayang'ana nyumba za anansi awo. Kenako anafunsa kuti, "Nanga inuyo a Dzoole, ndi ena onsewa, nyumba zanu zapakidwa kale penti. Ine ndikatsala ndekha pano ndizikapempha moto kwa yani? Kwa a Sainanipa?"

A Dzoole anayang'ana penti wofiira wa panyumba yawo. Koma Anankhoma anali atakumbukira mawu amene anduna anayankha pamsika phazi lili m'galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anamwetulira.

Lachisanu m'mawa kunabwera galimoto yakuda yautali ngati maliro a munthu wolemera. Inakanika kulowa m'kanjira ka Zatsala, choncho Wolemekezeka Anankhoma anayenda wapansi mpaka kumsewu, atavala chilundu chawo cha ku tchalitchi, lichero la zitumbuwa lili pamutu, poti kwa mfumu sapita chimanjamanja. Pambuyo pawo pankabwera a Dzoole atanyamula nsungwi ya mbendera, atavala chidebe chatsopano kumutu monga mkulu wa asilikali a ku Kaya. Amayi a pamsika analuluta. Wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Mukatipemphereko viza, ife tatopa nako kuno!"

Kunyumba yachifumu malipenga analira. Akazembe onse anali atakhala pamzere, aliyense akunamizira kuti dziko la Kaya amalidziwa bwino. Wa ku Tikuthandizani anauza mnzake kuti anapitako kawiri ndipo anakasiyako zikwangwani. Wa ku Sainanipa anati nyanja za kumeneko n'zokongola koma anthu ake sakonda kusaina.

A Chidindo analengeza kuti, "Wolemekezeka apereke zikalata za ukazembe!"

Anankhoma anapisa dzanja m'chilundu. Pepala lokhalo la boma limene anali nalo pamoyo wawo linali buku la kuchipatala. Anagwada n'kulipereka ndi manja awiri. Mfumu inatsegula, n'kuona zolemba za adokotala, mizere yokhotakhota ngati mwayenda nkhuku. Inalitembenuza chadodolido, n'kulitembenuzanso.

"Chilankhulo cha ku Kaya," inatero mfumu mokhutira. "Ndinachimvapo kale. Apa akupereka moni kwa ine."

Pamene mfumu inaloza ndi chala panali polembedwa kuti mankhwala atha, akagule okha. Nduna ya Zaumoyo, imene inkatha kuwerenga zolembazo, inayang'ana kudenga.

Itakwana nthawi ya nyimbo ya fuko la Kaya, onse anaimirira. Anankhoma anasowa chochita, ndiye poti ukaipa dziwa nyimbo, anakweza mawu n'kuimba imene ankaimba tsiku lililonse pamzere wa viza: "Zamotooo! Zitumbuwa zamotooo! Wadya chimodzi wafuna chinaaa!" A Dzoole ankavomereza poomba chidebe cha kumutu. Akazembe anaika manja pamtima, ndipo wa ku Bweraninsomawa anapukuta msozi, akuti nyimboyo ankaimva pawindo la ofesi yake m'mawa uliwonse osadziwa kuti ndi ya fuko.

Tsono mfumu inakhala pansi, n'kukonza kukhosi.

"Wolemekezeka, tiyeni tikambe za ubale wa mayiko athu. Feteleza wa alimi anga, matumba osawerengeka, ali kuti?"

Bwalo lonse linasiya kupuma. Anankhoma anayang'ana Olemekezeka Sindinalipo, amene nkhope yawo inali itachita mbuu ngati chinangwa chosenda. Anayang'ana mfumu. Ndipo ananena zoona zokhazokha.

"Kaya, mfumu."

"Mwamva!" Mfumu inamenya ndodo pansi mosangalala. "Anafika! Nanga simenti ya mlatho?"

"Kaya, mfumu."

"Mankhwala?"

"Amenewo ndiye kaya kwenikweni, mfumu."

Nduna zinapuma limodzi, mpweya wake mpaka makatani anagwedezeka. Mfumu inatembenukira kwa izo n'kuziyamikira chifukwa cha kukhulupirika, ndipo inapepesa kuti nthawi zina inkazikayikira.

"Tsono Wolemekezeka," inapitiriza mfumu, "poti ubale ndi kubwezerana, katundu ameneyu mudzatibwezerako liti?"

"Tsiku lililonse limene anduna anuwa angandiperekeze kukamutenga, mfumu. Njira ya kumene kuli katunduyo amaidziwa bwino ndi iwowa kuposa ine."

Nduna ya Zaulimi inakomoka pomwepo, ndipo anaitulutsa anthu anayi. Mfumu inati n'chimwemwe. Kenako inanena kuti ikufuna kukacheza ku Kaya iyo yomwe, ikaone mlatho wake uja mmene unakongolera. Olemekezeka Sindinalipo analumpha n'kunena kuti ulendo wotere umafunika viza, ndipo onse anayang'ana kwa Anankhoma.

"Mudzabwerenso mawa, mfumu," anatero Anankhoma. Kazembe wa ku Bweraninsomawa anagwedeza mutu, kuona kuti mayiyu ntchito anaiphunzira bwino.

Apa m'pamene Anankhoma anatsitsa lichero, n'kuika chitumbuwa chachikulu m'dzanja la mfumu, n'kugwadanso.

"Mfumu, ndili ndi kadandaulo kamodzi. Malo andichepera."

"Achepa bwanji?"

"Lolemba lapitali anduna a zamalo anabwera pamsika wa Zatsala kudzauza anthu kuti nyumba zawo zigwa. Anthu atafunsa kuti apite kuti, anduna anawayankha pagulu, aliyense akumva. A Dzoole, anati mupite kuti?"

"Anati Kaya, mfumu," anatero a Dzoole, mawu akumveka m'chidebe.

"Ndiye anthu amvera lamulo, mfumu. Onse abwera kwa ine, mabanja mazana atatu, ndi mbuzi zawo. Ine pakhomo panga pali mpeyala umodzi. Ndiwagoneka pati?"

Mfumu inatembenukira kwa Olemekezeka Sindinalipo. "Unawatumizadi ku Kaya?"

Munthu uja anatsegula pakamwa kuti anene dzina lake monga ankachitira pa mlandu uliwonse. Koma anaona kuti akakana Kaya wa pamsika, Kaya wa simenti agwa naye limodzi.

"Ndinalipo, mfumu. Ndinatero."

"Ndiye ukufuna alendo athu aziti chiyani? Kuti Mawatiwona amatumiza anthu kwa anzake popanda pogona?" Mfumu inaimirira, chitumbuwa chili kukamwa. "Lembani! Kuyambira lero dera lonse la Zatsala, kuchokera ku mpanda wa a Sainanipa mpaka kudambo, ndi nthaka ya dziko la Kaya. Onse okhalamo ndi alendo athu olemekezeka. Katapila ikafuna kulowa, ikafole viza."

Kazembe wa ku Sainanipa anakweza dzanja n'kufunsa za tambala uja. Mfumu inamuuza mwaulemu kuti tambalayo tsopano ndi wa dziko lina, ndipo iyo singalowerere nkhani za mkati mwa mayiko ena. Ngati ali ndi dandaulo, alembe kalata. Anankhoma anati kalatayo adzailandira, koma adzayenera kusaina pena pake.

Mmene ankabwerera ku Zatsala, uthenga unali utawatsogolera. Anthu anamasula mitolo. Woyendetsa katapila, amene nayenso kwawo kunali konko ndipo nyumba yake inali yachitatu pa zoti zigwe, anazimitsa injini n'kupempha kuti akhale nzika. Penti wofiira amene a Chidindo anaiwala uja anapakira zitseko. Pofika madzulo, nyumba iliyonse inali ndi nsungwi ndi chitenje, moti amayi ena anasowa chovala popita kumsika.

Zimene zinatsatira ndi zimene zinawadabwitsa kwambiri. Sabata isanathe, boma la Mawatiwona linabwera kudzakumba mpopi, chifukwa alendo sangamwe madzi a m'dambo. Linasalaza kanjira kaja kuti galimoto yakuda izilowa. Madzi osamba akazembe anawapatutsira kwina. Apolisi, amene kale ankabwera kudzataya zitumbuwa za Anankhoma m'ngalande, tsopano ankaima pachipata n'kumachitira sawatcha nkhuku zikamadutsa.

M'mawa wina Anankhoma ali pa mbaula, utsi unawalowa kukhosi ndipo anatsokomola kawiri. Mafuta asanatenthe n'komwe, galimoto yoyera inaima pakhomo. Munatuluka dokotala wa chikwama chachikulu, wotumidwa ndi mfumu. Anawayeza pachifuwa, anawayang'ana m'maso, n'kuwapatsa mabotolo atatu a mankhwala, onse odzaza.

"Mankhwalawa alipo?" anafunsa Anankhoma, akuwatembenuza m'manja. "Amuna anga anamwalira ndi chifuwa chaka cha dzana. Tinapita kuchipatala kanayi konse, ankangoti atha."

"Anali nzika ya dziko liti, Wolemekezeka?"

"Ya konkuno. Anabadwira pa Zatsala pompano."

"Ndiye chifukwa chake," anatero dokotala mwachifundo, akutseka chikwama. "Awa ndi a alendo."

Galimoto itapita, Anankhoma anakhala pansi pa mpeyala, mabotolo ali pamiyendo. Nyumba yawo inali chiimire, malata onse khumi ndi awiri, ndi zala zija pa chidina cha pakhomo. Anali ataipulumutsa, ndipo anayenera kukondwa, koma misozi inangobwera yokha. Zitumbuwa zinapserera m'chiwaya osazitembenuza.

A Dzoole anamva fungo la zopserera n'kubwera. Anachotsa chiwaya pamoto, n'kukhala pa mtondo. Anayang'ana mpopi watsopano, wapolisi wa pachipata, ndi zitenje zikupepeluka dera lonse.

"Kunja kuno n'kwabwino, achemwali," anatero pomaliza. "Koma kodi kwathu tidzabwererako liti?"

Anankhoma anapukuta m'maso ndi nsonga ya chilundu, n'kuyang'ana m'mwamba kumene nkhanga zawo zinkauluka pa nsungwi.

"Kaya," anatero.